Tsiku Limene Felista Anavinira Alendo

Lonjezo ndi Tadala, ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti pasipoti ili m'sutikesi ija ndinaipangitsiranji pomwe sindinakwerepo ndege, komanso kuti ku Ndirande ndinachokerako chiyani mwadzidzidzi ngati munthu wogwidwa ufiti. Nthawi imeneyo munali ana, ndiye ndinkangokuyankhani kuti ndi za boma. Lero ndinapuma ntchito, palibenso wondisamutsa, ndiye ndikuuzani zonse. Ndikuchenjezeretu, nkhaniyi ndikaiyamba mtima umandiwira, ndipo sindipepesa kwa aliyense.

2002: Ndirande

Uphunzitsi ndinayambira kwathu ku Nsanje, pa kasukulu kamene madzi osefukira ankatitsekera chaka ndi chaka. Bambo anu atapeza ntchito yowotcherera zitsulo ku Chirimba ndinapempha kuti anditumize m'tauni, ndipo anandiponya pa sukulu ina ya pulayimale kumunsi kwa phiri la Ndirande. Dzina lake sinditchula, chifukwa ana amene akuphunzirapo lero sanandilakwire kanthu. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo la kalasi n'kusowa popondera. Ana anali atakhala pansi mothithikana mpaka kufika pa bolodi, moti polemba ndinkaopa kuponda zala za mwana wa munthu. Madesiki analipo, koma othyoka, ataunjikidwa m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi. Choko tinkachita kudulirana ngati nzimbe. Mvula ikayamba, ana ophunzirira pansi pa mitengo ankathamangira m'makalasi a anzawo, phunziro n'kuthera pomwepo. M'kalasi imodzi munali Alomwe, Ayao, Amang'anja, Asena ngati ine, ndi ena oti ukawafunsa kwawo amangoti, "Kwathu ndi kwa Goliyo, mu Ndirande mommuno, madamu." Ankanyozana kwambiri. Mwana wachisena ankamunena kuti ndi wodya nyika za m'madambo, iye n'kubwezera kuti Mlomwe ndi wodya njoka, kenako zibakera.

Patapita zaka zingapo kunabwera ahedi atsopano, a Kamwendo. Anali munthu wamfupi, wosavula tayi ngakhale mu Okutobala, wa Chingerezi cha m'mphuno. Sindinganame, ntchito ankaidziwa. Aphunzitsi ojomba anasiya kujomba, ndipo ana anayamba kukhoza mayeso. Koma anali ndi matenda amodzi osamva mankhwala, matenda a alendo. Akangomva kuti kubwera munthu wa galimoto, miyala ya m'mbali mwa njira inkapakidwa laimu, ana a yunifomu zong'ambika ankawakhazika kumbuyo, zimbudzi zodzaza ankazikhoma ndi loko, ana n'kumathamangira kumtsinje. Pa miting'i ya sitafu ankakonda kunena kuti, "Mlendo ndi mame, aphunzitsi anzanga, sachedwa kukamuka. Asaone nyansi zathu. Akapita tidzalira tokha." Ife tinkaseka n'kuvomera, chifukwa tonse tinaleredwa choncho. Mlendo akabwera pakhomo umabisa ndewu, umabisa njala, umamuphera nkhuku yomaliza.

2007: Ubale

Chaka chimenechi sukulu yathu inapalana ubale ndi sukulu ina ya ku Scotland. Cholinga chinali choti ana a uku ndi a uko adziwane, aphunzire chikhalidwe cha anzawo, komanso afufuze chawo. A Kamwendo anandisankha kuti ndiziyendetsa ntchitoyi, poti ndinali kale woyang'anira kalabu ya magule. Ndikuuzeni zoona, ntchito imeneyo ndinaikonda kuposa ina iliyonse imene ndinagwirapo. Ana a kumeneko anatitumizira zithunzi za azibambo ovala masiketi akuliza chitoliro chokhala ndi thumba, ana athu anaseka mpaka kugubuduka. Atatha kuseka mmodzi anafunsa kuti, "Nanga ife tiwatumizira chiyani, madamu?" Apo m'pamene ndinaona kuti ana ambiri sankadziwa ngakhale dzina la mudzi wa makolo awo. Ndinawatuma kuti akafunse kunyumba. Anabwera ndi nyimbo, mayina a mfunda, nkhani za mmene agogo awo anayendera wapansi kuchokera ku Mozambique kudzalowa ntchito m'minda ya tiyi. Ana aja ankanyozana anayamba kuphunzitsana magule, Myao kuvina tchopa, Mlomwe kuvina manganje. Zibakera zinachepa pa bwalo.

Mnzanga wa kutsidya anali mphunzitsi wina wamtali, wa tsitsi lofiira, amene ana ankamutchula kuti Madamu Keti. Anali munthu wa mafunso, wofuna kudziwa chilichonse, ndipo akabwera ankakana mpando n'kukhala pansi ndi ana. Koma a Kamwendo sankamusiya yekha. Ankamutsatira ngati nkhuku yoopa mphamba, kumuyankhira mafunso amene wafunsa anthu ena. Makompyuta amene anabwera nawo anakhomeredwa mu ofesi atafunditsidwa nsalu, n'kumatulutsidwa tsiku la alendo lokha. Ulendo wa kusinthana aphunzitsi utapezeka, ntchito ndinagwira ine, ndege anakwera iwo. Utapezekanso wina, anakweranso iwo omwewo, n'kubwerako ndi jekete lalikulu limene ankavala ngakhale kukutentha. Ndinkapsa mtima, koma ndinkameza. Kenako Madamu Keti ananena mosabisa kuti ulendo wotsatira akufuna ine. Pasipoti ija ndinapangitsa nthawi imeneyo. Bambo anu anali atauza kale mpingo wonse kuti akazi awo akupita kwa azungu.

2011: Felista

Chinali chaka chija mafuta a galimoto anasowa, magalimoto n'kumagona pa mizere, anthu n'kumayenda wapansi kuchokera ku Ndirande mpaka m'tauni. M'kalasi langa la sitandade 8 munali mtsikana wina dzina lake Felista. Anali wachete, wochepa thupi, woti m'kalasi umatha kuiwala kuti alimo. Koma ng'oma ikangolira ankasanduka munthu wina. Ankavina utse, gule wa amayi a kwathu kuchigwa, ndipo ine amene ndinakulira komweko ndinali ndisanaone munthu wouvina choncho. Anamuphunzitsa ndi mayi ake, mayi wamasiye wa ku Nsanje konko, amene ankagulitsa tomato mumsika wa Ndirande ndipo tinkapemphera limodzi mu mphakati umodzi. Felista anali mwana yekhayo. Chaka chimenecho mayiwo anadwala, anaonda, kenako anagonekedwa ku chipatala chachikulu. Amayi a mphakati ndi amene tinkasinthana kukadikirira, poti abale analipo mmodzi yekha, mchimwene wawo a Zuze, amene ankalondera golosale ina ku Chemusa.

Alendo athu anabwera mwezi womwewo, Madamu Keti ndi anzake angapo, atachita hayala minibasi imene mwini wake ankadziwa kokapeza mafuta. Tsiku lalikulu linali Lachisanu. Madzulo a Lachinayi ndinafunsa Felista ngati angakwanitse kuvina mayi ake ali m'chipatala. Anati, "Ndivina, madamu. Amayi anena kuti ndikavine bwino, azungu akaone kuti Asena tiliko. Ndikamaliza ndipita kukawauza." Ndinamusisita pamutu n'kumuuza kuti tidzapitira limodzi.

Lachisanu lija miyala inayera, zimbudzi zinakhomedwa, makompyuta anatuluka. Alendo anakhala pansi pa tenti pamodzi ndi akomiti ndi akuluakulu ochokera ku ofesi ya maphunziro. Ndiye zolankhula, abale inu! Aliyense wovala jekete ankafuna kuti azungu amve Chingerezi chake. Ana anakhala padzuwa kuyambira m'mawa, njala ili m'mimba, akuomba m'manja akauzidwa. Dzuwa litafika pamutu m'pamene magule anayamba. Anayamba a tchopa, kenako a manganje, kenako Felista analowa m'bwalo ndi anzake, nsalu ili m'chiuno, maseche ali m'miyendo. Sindidzaiwala. Amayi ogulitsa mandasi kunja kwa mpanda anasiya mabeseni awo n'kumalulutira. Madamu Keti anaimirira manja ali pakamwa. Atamaliza, a Kamwendo analengeza kuti alendo akadya, Felista avinanso kachiwiri kuti amujambule bwino pa vidiyo yokaonetsa ku Scotland.

Nthawi ya chakudya ananditumiza kuti ndikatenge mabotolo a zakumwa amene anasungidwa m'kachipinda ka madesiki othyoka kaja. Nditatsekula chitseko ndinadzidzimuka. Munali munthu, atakhala pa desiki yopanda miyendo, chipewa chili m'manja, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Pambali pake panali botolo la chakumwa losatsekula. Anali a Zuze.

Ndinati, "A Zuze, mukutani muno?"

Anaimirira mwaulemu n'kunena kuti, "Ndikudikira, madamu. Abwana anati ndidikire kaye, pulogalamu ithe."

"Mwabwera nthawi yanji?"

"M'mamawa, ana akusesa. Ndayenda wapansi kuchokera kuchipatala, maminibasi kulibe." Anayang'ana pansi, kenako anati, "Achemwali akuitana mwana."

Inu ana a masiku ano mwina simudziwa. Kwathu munthu sanena kuti wakutiwakuti akufa. Pakamwa sipatuluka mawu otero munthu akadali ndi mpweya. Timati akuitana ana. Ukamva mawu amenewo umasiya khasu m'munda, umasiya mphika pamoto, sufunsanso funso. Ndipo wobweretsa uthenga wotere sapatsidwa mpando, sapatsidwa chakumwa, sauzidwa kuti dikira. Mwana aliyense wobadwira m'dziko muno amadziwa zimenezi, ndipo a Kamwendo sanabadwire ku Scotland. A Zuze anachita mwaulemu wake, anafikira ku ofesi osati kukalowerera pa bwalo la akuluakulu. Ahedi anawamva bwinobwino, n'kuwatsekera m'chipinda cha zinyalala kuti azungu asaone munthu wafumbi wolira. Bambo uja anakhala mmenemo kuyambira m'mawa mpaka masana, akumva ng'oma, akumva anthu akululutira mwana wa mlongo wake, akuopa kutuluka chifukwa bwana wa tayi wanena kuti dikira.

Mabotolo ndinawasiya pomwepo. Ndinapeza a Kamwendo ku tenti akumenyana ndi ntchafu ya nkhuku. Ndinagwada pambali pawo monga mwa ulemu n'kuwanong'oneza kuti, "Ahedi, a Zuze ali m'chipinda muja. Mwana akufunika kuchipatala."

Sanadabwe n'komwe. Anapukuta pakamwa n'kunena chapansipansi akumwetulira alendo kuti, "Ndikudziwa, madamu. Kwangotsala gule mmodzi. Akavina apita."

"Akuitana mwana, ahedi. Kuyambira m'mawa."

"Sananene kuti zafika poipa. Odwala amaitana anthu tsiku lililonse. Mukufuna alendo achoke kuno ndi nkhani ya matenda? Vidiyo imeneyi ndi imene ibweretse buloko ya makalasi. Ndipo musaiwale kuti fomu ya ulendo wanu sindinasayinebe."

Asa! Anandiuza ine zimenezo, mafuta a nkhuku ali pa chibwano. Sindikunamizani kuti sindinaganizire za ndege. Ndinaganizira, ndinaganiziranso za bambo anu amene anali atalengeza kale ku tchalitchi, ndi za inu amene munali mutandiuza kale zokagula. Ndinadziwa kuti ndikaimirira pamenepo ulendo watha, mwinanso ndi malo anga pa sukulupo. Koma ng'oma zinali zitayamba kale, ndipo ndinaona Felista akulowa m'bwalo akumwetulira, osadziwa kanthu, akuvina kuti akauze mayi ake kuti anavina bwino. Mwendo unangonyamuka wokha.

Ndinadutsa pakati pa bwalo, pamaso pa makamera, pamaso pa akuluakulu a ku ofesi. Ndinafika pa ng'oma yaikulu n'kuika dzanja langa pa chikopa. Ng'oma zinazima imodzi imodzi, ana oimba anasiyira nyimbo pakati. Ndinagwira Felista padzanja n'kumuuza kuti, "Tiye mwanawe, amayi akukuitana." Anandiyang'ana kamodzi kokha. Anali mwana wa Chisena, sanafunse funso.

Madamu Keti anathamanga kudzafunsa kuti chavuta n'chiyani. A Kamwendo anali atafika kale, akuseka kaseko kawo ka alendo, n'kuyankha m'Chingerezi kuti mwanayu watopa ndi dzuwa, si nkhani yaikulu. Apo ndiye ndinaiwala ulemu wonse umene mayi anga anandiphunzitsa. Ndinalankhula m'Chingerezi chomwecho, mokweza kuti tenti yonse imve, kuti mayi a mwanayu akufa kuchipatala, malume ake anabwera m'mawa kudzamutenga, ndipo atsekeredwa m'chipinda cha madesiki kuti inu muonere gule. Mawu amene pakamwa pa munthu wa kwathu sipatuluka, ine ndinawatulutsa, mwana ali pomwepo. Felista anandifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

Madamu Keti anayera nkhope. Sanafunse chilolezo kwa munthu. Anakuwira dalaivala wa minibasi yawo, amene anali akugona pansi pa mtengo, ndipo tinakwera ine, Felista, a Zuze ndi iye. Mukuona chimene chimandiwawa mpaka lero? Galimoto yokhala ndi mafuta, mwina yokhayo mu Ndirande yense tsiku limenelo, inali itaima pa geti kuyambira m'mawa. Madamu Keti akanaipereka pa mawu amodzi. Mawu amodziwo ndi amene tinakana kumuuza, ati chifukwa ndi mlendo.

M'njira tinachedwa pa mizere ya magalimoto odikira mafuta imene inatseka msewu. Galimoto ikagwera m'dzenje, maseche a m'miyendo ya Felista ankalira. Anawerama kuti awamasule koma mfundo osamasuka. Ndinagwada pansi pa mipando n'kumumasula ndine.

Titafika ku wodi ya amayi sitinafunikire kuuzidwa. Mayi wa mphakati wathu amene ankadikirira tsiku limenelo anali atakhala pakhonde, bulangete, beseni ndi fulasiki zili zomangidwa m'chitenje pambali pake. Wodikirira matenda akamanga katundu ndiye kuti ntchito yatha. Atationa anafunda nsalu kumutu n'kuyamba kulira. A Zuze anakhala pansi pomwepo pa simenti. Mayiyo anatiuza kuti mayi a Felista anatisiya dzuwa litangopendeka, ndiye kuti nthawi ija akuluakulu ankasamba m'manja kuti adye.

Felista sanalire msanga. Anafunsa kuti, "Anandifunsa?"

Ndinkayembekeza kuti mayi uja anama, amutonthoze mwana. Koma anali atatopa, nayenso atapsa mtima ndi kudikira. Anati, "Kuyambira m'mawa, mwanangu. Chitseko chikangotseguka ankadzutsa mutu."

Maliro anachitikira ku Ndirande konko, poti mafuta opititsira thupi ku Nsanje kunalibe. Madamu Keti anabwera atavala chitenje chokhota, n'kukhala pansi ndi amayi mpaka mwambo kutha. Tikuchokera kumanda anandikokera pambali n'kundifunsa, misozi ili m'maso, kuti n'chifukwa chiyani palibe anawauza. Ndinamuyankha kuti, "Mwakhala mukubwera zaka zonsezi kudzaphunzira chikhalidwe chathu, ife n'kumakuonetsani ng'oma. Chikhalidwe chake ndi chimenechi. Mlendo sitimuuza kuti m'nyumba muli moto, timamupatsa madzi osamba." Anandiuza kuti kwawo akanakwiya kwambiri kubisiridwa nkhani yotero kusiyana ndi kusokonezedwa pa chakudya. Ndinaona kuti pa zaka zonse za ubale uja, tsiku limenelo ndi limene tinalankhulana zoona koyamba, ndipo tinachita kudikira kuti munthu afe.

2012: Bangwe

Alendo atangonyamuka, a Kamwendo anaitanitsa miting'i ya sitafu. Ine ndinkaganiza kuti mwina apepesa. Ayi ndithu, mlandu unali wanga. Ati ndinachititsa manyazi sukulu, ndinanyoza ahedi pamaso pa mabwana awo, ndinaulula za m'nyumba kwa alendo, ndinatchula imfa munthu asanamwalire. Ndinawayankha kuti, "Anali atamwalira kale, ahedi. Anamwalira inu mukusankha ntchafu." Anamenya tebulo. Ndinayang'ana aphunzitsi anzanga, anthu amene tinkadulirana choko, amene ambiri a iwo anali pa maliro paja. Onse maso ali pansi, wina akukonza wotchi, wina akufufuza m'chikwama. Mmodzi yekha anandipeza kuseri pambuyo pake n'kunena kuti, "Munachita bwino, madamu, koma mukanachita mwanzeru." Mwanzeru! Nzeru zimenezo ndi zimene zinakhazika a Zuze pa desiki yothyoka m'mawa wonse. Mpaka lero anthu amenewo ndikakumana nawo ku maliro ndimawapatsa moni wa pakamwa basi.

Ulendo wanga unafera pomwepo. Kutsidya kuja anauzidwa kuti ndadwala, ndipo Madamu Keti atakana kulandira wina m'malo mwanga, chaka chimenecho sikunapite munthu. Teremu yotsatira ndinangouzidwa kuti ndasamutsidwira ku Bangwe, ati kukufunika aphunzitsi odziwa ntchito. Mukukumbukira mmene ndinkadzukira kusanache kukalimbirana minibasi ya ku Limbe, kenako ina ya ku Bangwe, mpaka tinasamuka. Bambo anu anakhala masiku angapo osandilankhula bwino chifukwa cha manyazi a ku tchalitchi. Kenako tsiku lina akuvula nsapato za ku ntchito anangoti, "Ukanakhala pansi tsiku lija, sindikanadya chakudya chako." Kupepesa kwawo kunali kumeneko.

Ubale wa masukulu uja unayenda mopunduka kwa kanthawi, kenako unazilala. Buloko ya makalasi sinabwere. A Kamwendo anakwezedwa, anakapumira ntchito ali ku ofesi, ndipo pa phwando lowatsanzika anthu anawatamanda kuti anali munthu wodziwa kulandira alendo. Sindikuti ubale wa masukulu ndi woipa, ayi. Ndinaona ndi maso anga ana akusiya kunyozana chifukwa cha ubalewo. Chimene ndimadana nacho ndi ubale wa laimu, woti mnzako umamuonetsa mano okhaokha. Ku Bangwe atandipempha kuti ndiyambitse kalabu ya magule ndinavomera, koma ndinanenetsa kuti mlendo aliyense wobwera ndizimuyambitsira ku zimbudzi. Ankaganiza kuti ndikuseka, mpaka anaona ndikuchita.

Felista anamutenga a Zuze. Mayeso analemba chaka chomwecho, anakhoza, anapita ku sekondale yoyendera. Nditasamuka tinasiya kuonana. Ndinkangomva kwa amayi a mphakati kuti anaphunzira zosoka ndipo ali ndi mashini ake mumsika.

2019: Chilomoni

Chaka chimene ndinapuma ntchito, mtsikana wina anafika pakhomo pathu ku Bangwe n'kugwada pakhonde. Sindinamuzindikire mpaka atanena kuti, "Ndine Felista, madamu." Anabwera kudzandiitanira ku ukwati wake. Anati, "Amayi kulibe. Ndikufuna mukakhale kutsogolo, kumbali ya kuchikazi." Ndinangomukumbatira.

Madyerero anali mu holo ina ku Chilomoni. Mukudziwa mmene zimakhalira. Anayamba kulowa ana ovina, kenako operekeza, aliyense akuthyola sitepe yake, holo yonse ili chiimire. Kenako zoimbira zinakwezedwa, woyendetsa mwambo anakuwa kuti akwati akulowa. Mkwati, mnyamata wosangalala wa ku Thyolo, analowa akudumpha, thukuta lili kamukamu. Felista anali pambali pake, atavala diresi limene anasoka yekha, akumwetulira anthu mbali zonse. Koma ankangoyenda. Phazi, phazi, ngati akupita kukalandira ukalisitiya.

Woyendetsa mwambo anakuwa kuti, "Akwatibwi, tagwedezani pang'ono! Ndi tsiku lanu ili! Abale a kuchikazi, kodi kwanu kulibe magule?" Anthu anaseka. Anasintha nyimbo, anaika ya kwathu kuchigwa, ng'oma zake zomwe zija. Amayi a ku Nsanje analumpha m'mipando n'kumuzungulira akululutira. Felista anaima, anawadikira kuti amalize, kenako anapitiriza kuyenda mpaka kukakhala pa mpando wake. Pa perekaniperekani yense anagwira mbale ataima chilili. Ndinayang'ana a Zuze, amene anakhala pafupi nane atavala suti yobwereka. Anali akuyang'ana pansi.

Kumbuyo kwanga kunali mayi wina wa kuchimuna, wa duku lalikulu. Anakodola mnzake n'kunena mokweza kuti, "Koma ndiye tatola mkazi wouma thupi. Mtsikana wa ku Nsanje wosadziwa kuvina, munamuonapo?"

Ndinatembenuka. Dzanja linandiyabwa, ana anga, ndipo ukanakhala kuti si ukwati wa Felista, duku lija likanagwa. Ndinangomuyang'ana mayiyo mpaka anasiya kutafuna.

Ndinati, "Amadziwa, mayi. Muno mulibe amene angamufike. Anavina kale."